MX-5 yanga inandizunguza pa sinowo: ndiigulitse?

Funso: Ndine namwino, ndimakhala ku Sheffield ndipo ndatha zaka zitatu kuno ku England. Chaka chatha mu June ndinadzigulira Mazda MX-5 ya 2011 ya magiya a pamanja, galimoto imene ndinkaisirira kuyambira kale. Mu January kutagwa sinowo, ndikupita ku shifiti ya m'mawa, kumbuyo kwake kunangotembenuka pa raundabauti mpaka ndinapezeka ndayang'ana komwe ndimachokera. Mwamwayi kunalibe galimoto ina. Anzanga akuti galimoto yokoka ndi matayala akumbuyo siyendeka pa sinowo, ndingoigulitsa. Wina akuti ndiziika matumba a mchenga m'buti, wina akuti ndizizimitsa DSC, kachipangizo kothandiza kuti galimoto isatsetsereke. Nyengo yozizira yayandikiranso. Nditani?

Yankho: Achemwali, musaigulitse kaye. Tulukani panja, mugwade pafupi ndi tayala lakumbuyo, muwerenge zolembedwa m'mbali mwake. Mukufunafuna kachizindikiro ka phiri la nsonga zitatu, pakati pake pali kanyenyezi ka sinowo. Ndikhoza kubetcha kuti simukapeza. Ngati palibedi, tsiku lija pa raundabauti munali pa matayala a nyengo yotentha, ndipo mlandu waukulu ndi wa matayalawo, osati wa galimoto kapena wa inu.

Komabe anzanuwo sakunama kotheratu. Galimoto zambiri zimene timayendera kuno, za mtundu wa Ford Fiesta, Honda Jazz kapena VW Golf, zimakoka ndi matayala akutsogolo, ndipo injini ndi giyabokosi zinakhala pamwamba pa matayala omwewo. Kulemera kwambiri, pafupifupi magawo 60 pa 100, kumatsindira matayala amene akukoka. MX-5 anaipanga mosiyana. Kulemera kwake kunagawidwa pakati ndi pakati, ndipo yonseyo ndi yopepuka, makilogalamu ongopitirira 1,100. Pamsewu wouma ndi zimenezi zimene zimaikometsa pokhota. Pa sinowo zimatanthauza kuti matayala amene akukankha galimoto alibe chowatsindira chokwanira. Walira mvula walira matope.

Ndipo matopewo mukuwadziwa. Kumbukirani pikapu yopanda katundu pamsewu wa makande m'mwezi wa February kumudzi, kapena minibasi ya HiAce pa kamtunda koterera. Dalaivala akaponda moto, matayala akumbuyo amangopalasa, kumbuyoko n'kumayenda cham'mbali kulowera kungalande, mpaka kondakitala auze anthu kuti asunthire kumpando wakumbuyo kapena atsike akankhe. Galimoto zimenezi nazonso zimakoka ndi kumbuyo. Kusiyana kwake n'kwakuti zamatope zimachitika pang'onopang'ono, anthu akuseka, pomwe pa ayezi zimachitika m'kuphethira kwa diso.

Chimene ndimaphunzitsa aliyense tisanalize injini ndi ichi. Gawo la tayala limene likukhudza msewu ndi lalikulu ngati chikhatho chanu basi, ndipo mphamvu yake yogwira msewu ili ngati malipiro a pamwezi: ndi yowerengeka. Mukaiwonongera kwina, kwina kusowa. Tayala lakumbuyo la galimoto yanu lili ndi ntchito ziwiri, kukankha galimoto ndi kugwira kumbuyoko kuti kusapite cham'mbali. Pamsewu wouma malipiro ndi ambiri, ntchito zonse ziwiri zimatheka. Pa sinowo malipirowo atsala kagawo kakang'ono. Mukaponda moto chiwongolero chili chokhota, monga timachitira tonse potuluka pa raundabauti, mphamvu yonse imapita kokankha, yogwira cham'mbali n'kutheratu. Ndi zimene zinakuchitikirani. Ngati yanu ndi ya injini ya malita 2.0 yokhala ndi difu (chipangizo chogawira matayala mphamvu ya injini) imene imamanga matayala awiri akumbuyo kuti azikoka limodzi, dziwani kuti imathandiza ponyamuka, koma matayalawo akapalasa amapalasa onse awiri nthawi imodzi, ndiye kumbuyo kumachoka msanga kuposa pa galimoto ya difu wamba.

Tibwerere kumatayala, chifukwa ndalama zanu ziyenera kupita kumeneko. Mphira wa tayala la nyengo yotentha amayamba kuuma kukazizira kufika cha m'ma digiri 7 kutsika m'munsi, ndipo kukafika pa 0 amakhala ngati pulasitiki. Matayala a galimoto zamasewera ndiye oipirapo, poti anawapangira phula lotentha. Tayala la nyengo yozizira lili ndi mphira wofewa amene sauma, mano ake ndi akuya, ndipo pa dzino lililonse pali timing'alu tambirimbiri timene timaluma sinowo. Musanyengedwe ndi zilembo za M+S (matope ndi sinowo) zokha. Zimenezo wopanga tayala amangolembapo, pomwe chizindikiro cha phiri chija tayala limapatsidwa litayesedwa pa sinowo. Ku Germany, kuyambira pa 1 October 2024, tayala la M+S lopanda phirilo silikuwerengedwanso kuti ndi la nyengo yozizira. Ku Quebec, ku Canada, matayala a nyengo yozizira ndi lamulo kuyambira pa 1 December mpaka pa 15 March. Kuno ku Britain lamulo kulibe, n'chifukwa chake kukagwa sinowo pang'ono misewu imadzaza ndi ma BMW ongopalasa, pomwe ku Munich, kwawo kwa BMW, galimoto zomwezo zimayenda nyengo yonse yozizira popanda nkhani.

Gulani anayi, osati awiri. Mukaika akumbuyo okha galimoto izinyamuka bwino koma izikana kukhota ndi kuima. Mukaika akutsogolo okha ndiye mwadzipangira chozungulira. Pali njira ziwiri. Yotsika mtengo ndi matayala a nyengo zonse okhala ndi chizindikiro cha phiri, monga Michelin CrossClimate, Goodyear Vector 4Seasons kapena Continental AllSeasonContact, amene mumangowasiya chaka chonse. Kwa munthu wokhala ku London kapena ku Bristol ndikanati athere pomwepo. Koma Sheffield ndi mzinda wa zitunda, inu mumanyamuka kusanache, ndipo galimoto yanu ndi yopepuka kumbuyo. Ine ndikanakhala inu ndikanagula matayala enieni a nyengo yozizira pa malimu akeake a mainchesi 16, otchipa, n'kumawamanga mu November, kuwamasula chakumapeto kwa March. Tayala locheperako m'lifupi limadula sinowo bwino kuposa lotambalala, ndiye musadandaule kuti sakuoneka okongola ngati a mainchesi 17. Mtengo wake umawawa tsiku logula lokha, chifukwa nthawi imene awa ali pamsewu, enawo akupuma. Lamulo la kuno limalola mano a tayala kutha mpaka mamilimita 1.6, koma tayala la sinowo likatsika pa mamilimita 4 lasiya kugwira ntchito imene munaligulira. Muziyezanso mpweya pafupipafupi, poti umatsika kukazizira, ndipo muwaimbire a inshuwalansi kuwadziwitsa kuti mwasintha malimu.

Za DSC, amene anakuuzani kuti muzizimitsa musamumvere. Kachipangizo kameneka kamaona kuti galimoto yayamba kulowera kumene chiwongolero sichikuloza, n'kuchepetsa moto ndi kugwira buleki ya tayala limodzi lokha, chinthu chimene phazi la munthu silingathe. Sikuti maiko a ku Ulaya anachita kulota pokhazikitsa kuti galimoto zonse zatsopano zizikhala nako kuyambira mu November 2014. Nthawi yokhayo yokazimitsa ndi pamene mwatitimira, galimoto siikusuntha, ndipo kachipangizoko kakudula moto nthawi iliyonse tayala likafuna kuzungulira. Pamenepo zimitsani, muigwedeze galimotoyo kutsogolo ndi kumbuyo pang'onopang'ono mpaka ituluke, ikangotuluka yatsaninso. Mungadabwe kuti bwanji sikanakupulumutseni mu January. Kamagwira ntchito kudzera m'matayala omwewo. Tayala likakhala kuti silikugwira chilichonse, nako kalibe pogwira.

Matumba a mchenga ali ndi nzeru yake, yomwe ija ya kondakitala. Awiri a makilogalamu 20 kapena 25 akwana. Akankhireni kutsogolo kwenikweni kwa buti, kufupi ndi mipando, ndipo muwamange asamayendeyende. Mukachulutsa, kapena mukawasiya kumapeto kwa buti, mwapeputsa kutsogolo ndipo kumbuyo kukayamba kuponya kuziponya mwamphamvu. Thanki yodzaza imathandizanso: malita 50 a petulo ndi makilogalamu oposa 35 okhala kumbuyo kwa mipando, malo abwino kuposa buti. Koma mchenga umangokuthandizani kunyamuka. Sukuthandizani kuima, ndipo sulowa m'malo mwa matayala.

Tsopano phazi lanu. Nyamukani ndi giya yachiwiri, mukukweza klatchi pang'onopang'ono, moto wongokhudza kapena osaponda n'komwe. Mukamva matayala akupalasa, musawonjezere moto, bwezani phazi. Tayala lopalasa limasalaza sinowo kukhala ayezi ndipo mumadzikumbira dzenje nokha. Mukanyamuka kwezani magiya msanga, injini izingong'ung'udza chapansipansi. Pofika pokhota kapena pa raundabauti chitani chinthu chimodzi nthawi imodzi: buleki galimoto idakali yowongoka, kenako chotsani phazi pa buleki, khotani, ndipo moto muuponde pokhapokha chiwongolero chabwerera pakati. Zimamveka ngati zaulesi. Wakumbuyo akaimba hutala musiyeni aimbe.

Pali msampha umodzi umene anthu ozolowera magiya a pamanja amagwamo, ndipo ine unandigwira. Mu December 2010, mwezi umene kunazizira koopsa dziko lonse lino, ndinali ndi BMW yakale pa matayala a nyengo yotentha. Ndikutsika kamtsetse kufupi ndi kumene ndinkakhala, ndinaona kuti liwiro lachuluka, ndiye ndinachita zimene tinaphunzira kwathu potsika Zomba kapena Golomoti: kuchoka giya yachitatu kulowa yachiwiri, klatchi n'kuisiya msanga. Sindinakhudze buleki ngakhale pang'ono, koma kumbuyo kunachoka ngati wina wakoka handibuleki. Galimoto inatsetsereka cham'mbali mwakachetechete, ine ndikuyang'ana mpanda wa eni ake ukubwera pawindo la m'mbali, mpaka tayala lakumbuyo linamenya mwala wa m'mphepete mwa msewu. Limu linapindika, chitsulo chogwira tayala chinapindikanso, liwiro lake losafika mamailo 15 pa ola. Chinachitika n'chakuti pa galimoto yokoka ndi kumbuyo, injini ikamagwira galimoto imagwira matayala akumbuyo okha, ndipo ABS, chipangizo choletsa matayala kumangika mukaponda buleki, ilibe ulamuliro pa zimenezo. Choncho giya yotsikira mtsetse isankheni muli pamwamba, musanayambe kutsika. Mukakakamizika kusintha muli pakati, kwezani klatchi pang'onopang'ono kwambiri. Liwiro muzilichepetsa ndi buleki yofewa, poti buleki imagawira matayala onse anayi.

Pokwera chitunda, dikirani pansi mpaka amene ali patsogolo afike pamwamba. Mukaima pakati simunyamukanso. Tengani kaliwiro kokwanira muli pamalo athyathyathya, giya yachiwiri kapena yachitatu, phazi lokhazikika osasinthasintha.

Pa za mtunda woimira, buku la malamulo a pamsewu la Highway Code limanena kuti pa ayezi ndi sinowo ukhoza kuchuluka kakhumi. Pa mamailo 30 pa ola, pamsewu wouma, galimoto imaima m'mamita 23. Kakhumi ndi mamita 230, kuposa mabwalo awiri a mpira. Siyani mpata umene inu nomwe muuone ngati wopusa. Zikavuta mwadzidzidzi, pondani buleki ndi klatchi mwamphamvu ndipo musachotse phazi. Buleki idzanjenjemera ndi kulira kuti gururu, imeneyo ndi ABS ikugwira ntchito, ndipo mukhoza kukhotetsabe chiwongolero kupewa chimene chili patsogolo. Ambiri akamva kunjenjemerako amachita mantha n'kuchotsa phazi.

Nanga kumbuyo kukachokanso ngati tsiku lija? Choyamba ndi maso. Yang'anani kumene mukufuna kupita, osati chipilala chimene mukuopa, chifukwa manja amatsatira maso. Kumbuyo kukapita kumanja, chiwongolero chipite kumanja. Kukapita kumanzere, kumanzere. Buleki musaikhudze. Moto uchotseni, ndipo poti yanu ndi ya pamanja, pondani klatchi kuti matayala akumbuyo amasuke, asakankhe komanso asagwidwe ndi injini, mphamvu yawo yonse ibwerere kogwira msewu. Gawo limene anthu ambiri amalephera ndi lomaliza. Matayala akangogwiranso, bwezani chiwongolero pakati msanga. Mukachedwa, galimoto imaponyera mbali inayo mwamphamvu kuposa poyamba, ndipo kachiwiriko ndi kamene kamalowetsa anthu m'ngalande. Vuto linalo, loti mwakhotetsa koma galimoto ikungopita kutsogolo, mankhwala ake ndi ovuta kumeza: chotsani moto, chepetsani kukhotetsako m'malo mowonjezera, dikirani matayala akutsogolo agwire.

Kwa inu a shifiti ya m'mawa, mdani wamkulu si sinowo woyera uja amene mukumuona. Ndi ayezi wosaoneka, madzi amene anasungunuka masana n'kuundananso usiku, msewu n'kumaoneka ngati wangonyowa. Amakonda pa milatho, poti mphepo yozizira imadutsa pansi ndi pamwamba, m'mithunzi ya mitengo, ndi m'zigwa. Galimoto zambiri zimachenjeza pa digiri 3 kapena 4 osati pa 0, chifukwa msewu ukhoza kuzizira kuposa mpweya. Zimitsani wailesi mumvetsere. Msewu wonyowa umalira kuti shwee pansi pa matayala. Phokosolo likangoti zii, chiwongolero n'kupepuka m'manja, muli pa ayezi. Musachite chilichonse chadzidzidzi, gwirani chiwongolero chowongoka, bwezani phazi pang'onopang'ono mpaka mudutse.

Pali masiku ena oti galimoto imeneyi isatuluke, kaya ili ndi matayala otani. Mimba yake ili pafupi ndi pansi, mpata wosafika masentimita 15. Sinowo akapitirira pamenepo galimoto imakwera pamwamba pake ngati bwato pamchenga, matayala n'kulendewera. Muzitsatira machenjezo a nthambi yoona zanyengo ya Met Office, achikasu, a mtundu wa lalanje ndi ofiira. Usiku wa pa 28 February 2018, chenjezo lofiira lili m'kati, anthu mazanamazana anagona m'galimoto zawo pamsewu wa M80 ku Scotland, ndipo ambiri mwa iwo anali ndi galimoto zoyenda bwino pa sinowo kuposa yanu. Msewu ukatsekeka ndi malole, watsekeka kwa aliyense. Misewu yodutsa pamapiri kupita ku Manchester, Snake Pass ndi Woodhead, ikhale yomaliza kuiganizira. Ndikudziwa kuti namwino sangangoimba foni kuti sindibwera. Ndiye konzekani madzulo. Khonsolo imayamba kuthira mchere m'misewu ikuluikulu, ya mabasi ndi yopita kuzipatala, timisewu ta m'makomo timatsalira. Ngati mumakhala pamwamba pa chitunda, siyani galimoto m'munsi kufupi ndi msewu waukulu, m'mawa mutsike wapansi. Sankhani njira yotalika koma yathyathyathya. Tsiku loipitsitsa kwerani tramu kapena pemphani mnzanu wa Jazz uja akutengeni, palibe chamanyazi.

M'buti mukhale kafosholo, chopalira ayezi pagalasi, bulangeti, tochi ndi nsalu zija zovekera matayala pa sinowo, zimene pa galimoto yanu zimavekedwa kumbuyo ndipo siziyenda kupitirira mamailo 30 pa ola kapena pa phula louma. Musananyamuke chotsani sinowo pamagalasi onse, panyale ndi panambala, ndi lamulo. Wa padenga la nsalulo mumusese ndi bulashi yofewa, ndipo dengalo musalitsegule litaundana. Mukatitimira n'kumadikira thandizo injini ikulira, tsikani muone kuti paipi ya utsi sinatsekeke ndi sinowo, chifukwa utsi wobwerera m'kati umapha munthu osamva fungo. Chinanso chimene eni MX-5 amalira nacho ndi dzimbiri. Mchere wa m'misewu umadya zitsulo za m'munsi mwa zitseko ndi zozungulira matayala akumbuyo, ndiye muzitsukitsa kunsi kwake kangapo nyengo yozizira isanathe.

Zonse ndalembazi sizilowa m'manja powerenga. Pali malo ophunzitsira kuwongola galimoto yoterereka, pabwalo lonyowetsedwa dala, ndipo theka la tsiku kumeneko ndi lotchipa poyerekeza ndi limu ndi chitsulo zimene ndinalipira ine. Mukalephera zimenezo, tsiku loyamba kugwa sinowo mutamanga matayala atsopano, pezani bwalo loimikapo galimoto lopanda anthu, lopanda zipilala, limene eni ake akulolani. Yendani mamailo 10 pa ola, pondani buleki mwamphamvu mpaka muzolowere kunjenjemera kwa ABS. Nyamukani ndi giya yoyamba, kenako yachiwiri, mumve kusiyana kwake. Pomaliza zungulirani pang'onopang'ono, DSC ili yoyaka, muwonjezere moto pang'ono mpaka kanyale kachikasu kayambe kuphethira, kumbuyo kusunthe pang'ono n'kubwerera. Bwerezani kasanu kapena kakhumi. Matayalawo itanitsani mu October, chifukwa sinowo woyamba akangogwa, saizi ya galimoto yanu imatha m'mashopu sabata yomweyo.